Holoselo ya ku Down Shops yomwe imakusungira katundu wa pamwezi, mmene ndaionera ine

Ngati muli kuno ku Chipata ndipo vuto lanu ndi lija loti malipiro akalowa mumagula zonse bwinobwino koma pofika pa 15 shuga watha saladi watha mwayamba kutuma mwana pa kantemba kukatenga pamela, ndiye sitolo yomwe ndikufuna kukamba pano ingakuthandizeni, koma osati pa zonse ayi, ndifotokoza pomwe imathandiza ndi pomwe sithandiza olo pang'ono. Ndi holoselo ina ya ku Down Shops, dzina ndalisiya dala chifukwa ndili ndi madandaulo anga omwe ndikambe poyera ndipo sindikufuna zioneke ngati ndikuipitsa bizinesi ya munthu. Chomwe ndikuyamikira kwambiri ndi kachitidwe kawo, ndipo kachitidwe kameneka mutha kukapempha pa sitolo iliyonse yomwe mumadziwana ndi eni ake.

Zimayenda motere. Ndalama zikalowa umapita ndi pepala lako, umatchula zonse za mwezi wathunthu, amawerengera pa mtengo wa oda, umalipira zonse pompo, kaya keshi kaya pa foni, Airtel Money ndi MoMo zonse amalandira. Koma sunyamula zonse. Umatenga zomwe zikukwanira sabata imodzi kapena awiri, zotsalazo amalemba m'buku lalikulu lachikuto cholimba lomwe limakhala pa kaunta, aliyense tsamba lake dzina pamwamba, ndipo ukabwera kudzatenga amadula mzere nkukusainitsa. Kusungako salipiritsa. Ndipo mtengo ndi wa tsiku lomwe unalipira, olo shuga akwere mawa lake wako ndi wako basi. Ichi sichinthu chaching'ono masiku ano pomwe a ERB amalengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, katundu wambiri wa m'masitolo athu amachokera ku Lusaka pa Great East Road mtunda wopitirira makilomita 500, shuga yekha amayambira kutali kuposa apo ku Nakambala ku Mazabuka, ndiye dizilo akangokwera tonse timadziwa kuti sabata yamawa zinthu zasintha, koma akatsika mitengo ija sithamangira kutsika nawo.

Wina anganene kuti nanga bwanji osangonyamula zonse nkukatsekera m'kabati kunyumba, bwanji kuvutika kupita ku town kangapo. Amene akunena zimenezo mwina sanakhalepo ndi nyumba ya anthu ambiri. Chinthu chikakhala pamaso chimatha msanga, ndi mmene zilili. Chigubu cha malita 5 cha saladi chikakhala pafupi ndi mbaula dzanja limalemera pothira, mwana yemwe mwamutuma kukazinga tomato amathira ngati akufuna kupanga vitumbuwa, koma mukamupatsa kabotolo kakang'ono nkumuuza kuti aka ndi ka sabata yonse amayamba kuyeza ndi supuni. Shuga ndiye musanene, mapaketi akakhala ambiri m'nyumba tiyi amamwedwa m'mawa masana ndi madzulo, ena akudya ndi dzanja pobisala. Ndiye palinso nkhani ya alendo ndi aneba. Ife anthu a kummawa kuno mlendo sabwerera chimanjamanja, apongozi akabwera kuchokera kumudzi anyamula nshawa ndi maungu sungawabweze opanda kashuga ndi kasopo, ndipo ine sindikufuna kusiya mwambo umenewo chifukwa ndi wabwino ndipo nafenso timadya za kumudziko. Koma pali kusiyana pakati pa kupatsa chomwe unakonzeratu kupatsa ndi kupatsa chifukwa choti belo yonse ili poonekera ndiye manyazi akugwira. Manje ine pa pepala langa ndimalemberatu paketi ziwiri za shuga ndi sopo mmodzi kuti izi ndi za alendo, zimakhala kunyumba, zikapita zapita ndi mtima woyera, zina zonse zili m'buku ku Down Shops komwe manyazi sangazifikire.

Kuti mumvetse ndiike manambala a nyumba yanga. Tilipo anthu 6, ine, atate awo a ana, ana athu atatu ndi mwana wa alamu anga yemwe akuphunzira kuno. Ya chakudya ndi zotsukira pamwezi timapatula K2,800. K1,300 imapita ku holoselo, K1,000 ndi ya ndiwo, K350 ya malasha, K150 yotsalayo ndi ya chigayo ndi tina tobwera mwadzidzidzi. Ndikudziwa kuti kwa ena imeneyi ndi yambiri kwa ena ndi yochepa kwambiri, a JCTR omwe amawerengera mwezi ndi mwezi zomwe banja la anthu 5 likufunika kuti lidye bwino ndi kukhala bwino, ndipo Chipata imakhalamo m'mizinda yomwe amawerengera, mu 2024 anapeza kuti ku Lusaka ndalamayo yapitirira K10,000 pamwezi kuphatikiza nyumba, magetsi ndi madzi. Ndi angati pakati pathu amalandira yotere? Ndiye bajeti ya ambirife sinkhani yosankha zokoma, ndi nkhani yoti kandalama kochepako kafike pa 30 popanda kupita kwa a kaloba.

Zomwe ndimagula kumeneko ndi zouma zosawola: shuga, saladi, mchere, masamba a tiyi, sopo wosambira ndi wochapira, Boom, machesi, makandulo, masoya, mpunga pang'ono ndi mankhwala otsukira mano. Pa zimenezi mtengo wawo ndi wabwino zoona, makamaka mukagula belo kapena katoni yathunthu. Ife timaphatikizana nyumba zitatu, ine ndi aneba awiri, belo ya shuga timagawana, chigubu cha malita 20 cha saladi timagawana, katoni ya sopo chimodzimodzi, ndiye aliyense amalipira mtengo wa oda pomwe payekha sakanakwanitsa kugula katoni yonse. Mukawerengera saladi wa m'timapulasitiki tomanga tija ta pa kantemba, kuthira tonse ta mwezi wathunthu m'botolo limodzi nkuona ndalama yomwe mwapereka, mutha kulira. Sindikunyoza a tuntemba, nawonso akusaka ya unga wa ana awo ndipo amatithandiza usiku zinthu zikatha, koma kugula tsiku ndi tsiku ndiye njira yodula kuposa zonse ndipo chomvetsa chisoni nchoti amene amagula motero ndi uja alibe ndalama yogulira kamodzi.

Chinthu chimodzi pa nkhani yophatikizanayi, auzeni alembe aliyense tsamba lake. Saladi wa m'chigubu chachikulu ndiye timatenga tsiku lomwelo nkukagawana kunyumba m'mabotolo chifukwa iwo satsegula chigubu, koma shuga ndi sopo amavomera kumasula belo nkulemba mapaketi angapo kwa uyu angapo kwa uyu. Mukalemba zonse pa dzina la munthu mmodzi mudzadana ndi aneba anu pa paketi imodzi ya shuga.

Unga sindigula kumeneko ndipo sindikulangizani. Amakhala nawo wa breakfast ndi roller wa 25kg koma mtengo wake sukusiyana ndi kwina kulikonse, nthawi zina umaposa. Ife kuno tili pakati pa alimi, njira yotchipa ndi kugula chimanga nthawi yokolola, Meyi, Juni mpaka Julayi pomwe chili mbwee, kuchiyanika bwino, kuthira mankhwala a anankafumbwe kapena kuika m'masaka aja a PICS osalowa mpweya, nkumagayitsa pang'onopang'ono ku chigayo. A FRA, bungwe la boma logula chimanga kwa alimi, anagula thumba la 50kg pa K330 mu 2024 ndi K340 mu 2025, ndiye mtengo umenewo ndi womwe ndimayambira pokambirana ndi alimi. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chija chomwe a pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, thumba la breakfast linadutsa K300 ndipo anthu ankaima pa laini kuyambira mbandakucha kudikira unga wa Eagle wa a ZNS wa K230. Amene anali ndi matumba awo awiri atatu m'nyumba chaka chimenecho anagona tulo. Ndiye ndalama ya chimanga ine sindiika mu bajeti ya pamwezi, imachokera ku chilimba chomwe ndimakonza dala kuti changa chigwe mwezi wa Juni, pamwezi ndimangowerengera ya chigayo. Ndipo mukagayitsa nokha gaga ndi wanu, nkhuku zidya.

Nyemba, nshawa ndi kapenta nazonso ayi. Ali nazo za m'mapaketi zooneka bwino koma ku Kapata Market kapena Saturday Market mumagula pa meda, mumagwira ndi dzanja, mumanunkhiza kapenta kuti muone ngati ndi wakale, mumanenerera mtengo ndipo amai ogulitsa akakuzolowerani amaikapo mbasela. Paketi yomata sinakuikirenipo mbasela. Nyemba za kabulangeti zikakhala zatsopano zimapsa msanga ndipo apo mwapulumutsanso malasha, za m'paketi simudziwa kuti zinakololedwa liti, mutha kuphika theka la tsiku. Chokhacho cha m'botolo chomwe ndimalolera kulipira ndi chiponde cha It's Wild cha a COMACO mwezi ukakhala wabwino, chifukwa ana amachikonda pa buledi ndipo nshawa zake ndi za alimi a konkuno, koma mwezi ukavuta ndimakazinga nshawa zanga nkusinja ndekha.

Manje madandaulo. Loyamba ndi laini ya kumapeto kwa mwezi. Aliyense amalandira nthawi imodzi, aphunzitsi, anesi, apolisi, kuphatikizapo a tuntemba omwe abwera kudzaoda, ndiye kasitolo kamadzaza mpaka pakhomo, kutentha, anyamata onyamula katundu akukuwa kuti njira njira, ndipo buku ndi limodzi lokha, wolemba ndi mmodzi yekha. Ukafika 10 koloko konzekera kuima mpaka miyendo kuwawa. Ndimapita akangotsegula kapena ndimadikira masiku angapo chipwirikiti chithe, koma kudikirako kuli ndi ngozi yake chifukwa ndalama ikagona m'foni imayamba kudontha, uyu wapempha ya bandulo uyu ya transport. Lachisanu masana amatseka kwa kanthawi ndipo Lamulungu satsegula, zimenezo muzidziwiretu musanalipire njinga.

Lachiwiri ndi lomwe linandipweteka mtima. Ndinalipira saladi wa mtundu womwe ndimaukonda, mabotolo awiri a malita 2 owonjezera pa wa m'chigubu uja chifukwa kunali kubwera alendo a chinkhoswe, nditapita kukatenga anandipatsa mtundu wina wotchipa ati uja watha. Ndinati bwana, ine ndinalipira wakuti ndipo risiti iyi, mnyamata wa pa kaunta akuti amai saladi ndi saladi. Ayi, saladi si saladi ngati mitengo yake ikusiyana. Bwana atatuluka anamvetsa ndipo anandibwezera ndalama yapamwambayo osakangana, pamenepo ndiwayamikire, koma zinandionetsa kuti katundu yemwe walembedwa m'buku samupatula nkumuika pambali ndi dzina lako, amangokhala pa mulu umodzi ndi wogulitsa, ndiye akatha watha. Kuyambira pamenepo ndimaonetsetsa kuti m'buku alemba mtundu ndi kukula kwake, osangoti saladi 2, ndipo ndimajambula tsamba langa pa foni nthawi iliyonse ndikasaina. Risiti zawo ndi zija za pa makina zomwe zimafufutika zikakhala m'chikwama masabata awiri, nazonso jambulani tsiku lomwelo.

Lachitatu, mitengo salemba. Chilichonse mpaka ufunse, ndipo ukafunsa zinthu zambiri pomwe kumbuyo kwako kuli laini amayamba kukuyang'ana ngati ukuwachedwetsa. Apa ndiye masitolo akuluakulu ngati Shoprite amawaposa, kumene kuja umayenda ndi foni yako ukuwerengera wekha mtengo uli pa shelefu palibe wokufulumizitsa, ndipo pakakhala promotion ya kumapeto kwa mwezi zinthu zina monga sopo wochapira kapena mpunga zimatha kutsika kuposa ku holoselo. Ndiye musamangokhulupirira kuti poti ndi holoselo zonse ndi zotchipa, ine ndimayamba ndaona mitengo kwina nkulemba pambali pa pepala langa, kenako ndikafika ndimadziwa choti ndigule pano ndi choti ndisiye. Komanso yang'anani madeti pa mapaketi, makamaka masoya ndi majarini, ndinapezapo katoni yomwe inatsala pang'ono kutha nthawi, anandisinthira nditanena koma mukapanda kuona nokha palibe akuuzeni. Mukakumana ndi sitolo yokana kusintha katundu wotha nthawi, a CCPC ndi omwe amalandira madandaulo otere.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna mumve ndi ichi, sitoloyi imakonza theka chabe la vuto. Shuga, saladi ndi sopo ndi zosavuta kuwerengera, mwezi uno ndi mwezi wamawa ndi chimodzimodzi. Pomwe bajeti imafera ndi pa ndiwo ndi malasha, ndalama zotuluka tsiku ndi tsiku pang'onopang'ono zomwe palibe amazilemba. K10 ya tomato, K5 ya anyezi, K10 ya repu, mwana wadwala akufuna kankhuku, atate awo a ana abwera ndi mnzawo ndiye pafunika kanyama, pofika pakati pa mwezi K1,000 ija yapita ndipo simungaloze chomwe mwagula. Apa buku la ku Down Shops silingakuthandizeni, tomato sungamusungitse mwezi. Kale tinkati tigula nyama ndi nkhuku zambiri nkuika mu firiji, koma malodishedingi a 2024 madzi atachepa ku Kariba anatiphunzitsa tonse kuti firiji siyodalirika, anthu anataya ndiwo za mwezi wathunthu.

Chomwe ndimachita ndi kutengera nzeru yomweyo ya bukulo kunyumba. K1,000 ya ndiwo ndimaitapa kamodzi pa buthi, chifukwa kutapa pang'onopang'ono kapena kutumiza timandalama kambirimbiri machaji amakudya osazindikira, kenako ndimaigawa m'maenvulopu anayi, K250 iliyonse, Lolemba lililonse ndimatsegula imodzi. Ikatha Lachisanu ndiye Loweruka ndi Lamulungu tidya nyemba, masoya, kapenta kapena mfutso wotendera, envulopu ya sabata yamawa sikhudzidwa zivute zitani. Ndipo zimenezi si chilango, chibwabwa chotendera ndi nshawa za chalimbana ana anga amanyambita mbale. Nthawi ya mvula masamba akachuluka ndimafutsa chibwabwa ndi khwanya nkusunga, kuseri kwa nyumba ndili ndi kabedi ka repu ndi kholowa komwe ndimathirira ndi madzi otsukira mpunga ndi ndiwo, kakang'ono koma masiku awiri pa sabata sindigula masamba. Chenjerani ndi mwezi womwe kuchokera pa malipiro kufika pa malipiro ena pali ma Lolemba asanu, muyang'aniretu pa kalendala musanagawe, mwezi wotere ndimaika K200 m'maenvulopu asanu. Malasha ndimagula thumba lalikulu kamodzi kwa a njinga omwe amabwera m'mamawa kuchokera kumidzi, osati timapulasitiki ta madzulo, ndipo nthawi ya mvula amakwera ndiye Okutobala ndikakhala ndi kapadera ndimaonjezera thumba lina.

Nkhani ya atate a m'nyumba nayonso ndiikepo pang'ono chifukwa bajeti ya munthu mmodzi m'nyumba ya anthu awiri siyenda. Kwathu pepala lija timalemba tonse usiku wa tsiku lomwe ndalama yalowa, ndipo chomwe chinawakopa iwo pa sitoloyi nchoti amaona risiti imodzi yaikulu ndi tsamba la m'buku, funso lija loti ndalama yonse ija yapita kuti linatha. Nthawi zina amapita okha kukatenga za sabata pochokera ku nchito, bwana anavomera nditawalembetsa dzina lawo pa tsamba langa. Mwana kapena wa njinga samupatsa katundu pokhapokha uimbe foni kaye, ndipo ichi ndimachikonda.

Za mayendedwe, musaiwale kuwerengera. Ngati mukhala kutali monga ku Mchini kapena Navutika ndipo ulendo uliwonse mulipira njinga kupita ndi kubwera, kupita sabata iliyonse kudya phindu lonse lomwe mwapeza pa mtengo wa oda. Kawiri pamwezi ndi kokwanira, tsiku lolipira ndi pakati pa mwezi, ndipo ulendo wachiwiriwo muuphatikize ndi zina zomwe mukachite ku town. Ife ndi aneba aja timatuma njinga imodzi kunyamula za nyumba zonse zitatu nkugawana mtengo.

Ndiye ndani yemwe zingamuyendere? Amene amalandira pamwezi kapena amene chilimba chake chimagwa kamodzi, ndipo nyumba yake ndi ya anthu ambiri, ameneyo apite akayese. Amene ndalama yake imabwera tsiku ndi tsiku, wogulitsa pa msika kapena wa njinga, sizimuyendera pokhapokha aphatikizane ndi anzake nkumasonkha kaye mpaka ikwane ya belo. Ndipo pali chiopsezo chomwe sindingabise, mukusiya ndalama yanu m'manja mwa munthu popanda pepala la boma, sitolo ikatsekedwa kapena kupsa katundu wanu wapita nawo. Nchifukwa chake ine sindilipira zopitirira mwezi umodzi olo atandinyengerera bwanji ndi mtengo, ndipo pofika pa 20 ndimakhala nditatenga zonse tsamba langa latsekedwa. Mwezi woyamba yesani ndi zinthu zochepa, shuga ndi sopo chabe, muone mmene akulemberani ndi mmene akulandirirani mukabwera kudzatenga opanda ndalama m'manja, chifukwa ena amamwetulira tsiku lolipira lokha. Awa anga pa zimenezo sanandikhumudwitsepo, ukafika ndi risiti amakuthandiza ngati wogula wina aliyense, ndipo pa 5 ndingawapatse 4, imodziyo ndawachotsera chifukwa cha laini ndi mitengo yosalemba ija.